Hajj ndi ngongole: kodi wokwanitsa ndani?

Qur'an yolemekezeka, m'Sura ya Al Imran ndime 97, yaika Hajj pa munthu amene angathe kupeza njira yofikira ku Nyumba ya Allah, ndipo lamuloli ndi la kamodzi pa moyo. Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) atasamukira ku Madina anachita Hajj kamodzi kokha, m'chaka cha 632. Funso limene limatisautsa ndi la kukwanitsa kumeneku: kumayambira pati, ndipo ndani ayenera kukusenza mtengo wake?

Funsoli limalemera kwambiri kwa abale athu a kwa Khwethemule, m'boma la Thyolo, kumene mabanja ambiri amadya za tiyi. Ntchito yothyola imachuluka m'dzinja masamba akamaphukira. Mvula ikatha, antchito ambiri a nyengo amakhala pakhomo. Minda ya anthu ndi yaing'ono, pakuti nthaka yambiri ili m'maesiteti. Koma ulendo wa ku Makka mtengo wake umawerengedwa m'madola, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zimene munthu anasunga zaka zambiri zinachepa tsiku limodzi. Msodzi wa ku Mangochi kapena ku Nkhotakota, amene usipa umamukomera mwezi uno ndi kumuthawa mwezi wamawa, akuidziwa nkhawa yomweyi.

Ma ulama anafotokoza kuti wokwanitsa ndi amene ali ndi thanzi, njira yotetezeka, ndi chuma chokwanira kupita ndi kubwerera, chimene chatsala atabweza ngongole zake ndiponso atasiyira a m'banja mwake chakudya, chovala ndi pogona kufikira atabwerako. Mawu akuti "chatsala" ndiwo mutu wa nkhani. Ndalama ya fizi ya mwana si yotsala. Kamunda kamene banja limadalira si kotsala. Ngakhale malipiro a aganyu amene anathyola tiyi m'munda mwa mlimi wamng'ono si a mlimiyo; ndi thukuta la eni ake, ndipo ayenera kuwafikira mwini munda asanaganize za ndege ya ku Jeddah.

Pa chifukwa chomwechi, ngongole ya katapila, kapena ya banki m'khonde yokhala ndi chiwongoladzanja, singakhale khomo lolowera ku Hajj. Riba ndi haramu. Munthu woima pa Arafat pa 9 Dhul Hijjah kupempha chikhululuko, pamene chiwongoladzanja chikukulira mkazi ndi ana ake kumudzi, wasenzetsa ena katundu amene Allah sanamusenzetse iye mwini.

Wina anganene kuti, "Imfa siuza tsiku, ndikadikira ndidzafa ndisanaione Ka'aba." Mantha amenewa ndi ochokera m'chikhulupiriro ndipo sitiwapeputsa. Komabe amene wamwalira asanakwanitse alibe mlandu wa Hajj, chifukwa lamulo linali lisanamugwere, pamene ngongole ya munthu mnzake imatsala pa chuma chake ndipo imabwezedwa cholowa chisanagawidwe. Madhhab a Imam Shafi'i, amene Asilamu ambiri a m'Malawi timatsata, amalola ngakhale wokwanitsa kuchedwetsako ulendo, malinga ali ndi chitsimikizo chodzapita. Kudikira sikutanthauza kukhala manja lende. Kusunga pang'onopang'ono kuchokera m'dengu la tiyi, ndi niya yoyera, ndi chiyambi cha ulendo womwewo.

Kukwanitsa kumakhudzanso thupi ndi njira. Mu Juni 2024 kutentha ku Makka kunapitirira madigiri 50, ndipo boma la Saudi Arabia linalengeza kuti anthu 1,301 anamwalira pa Hajj, ambiri mwa iwo opanda chilolezo cha Hajj, amene analibe matenti ndi mabasi owathandiza. Choncho visa yeniyeni ya Hajj ndi katemera wa meningitis amene amafunidwa si zotopetsa chabe za m'maofesi. Ndi mbali ya kusamala moyo umene tinapatsidwa ngati chosungitsidwa. Nkhalamba kapena wodwala matenda osayembekezeka kuchira, ngati chuma ali nacho, angatume wina kukamuchitira, bola wotumidwayo akhale atachita kale Hajj yake. Mayi nayenso amaonedwa ngati wokwanitsa akapeza mwamuna wake, mahram, kapena, kwa a Shafi'i, gulu la amayi odalirika oyenda nawo.

Nanga ana amene ali ku Johannesburg akafuna kutumiza makolo? Mphatso yoperekedwa mwaufulu, yochokera m'ntchito ya halali, ndi yololedwa, ndipo mwana wotere wachita chokoma. Koma kholo lisamuumirize mwana kukongola kapena kusiya banja lake pa njala pofuna kuti ilo lidzatchedwe Alhaji.

Apa ndi pamene tonse tiyenera kudziyang'ana, pakuti chimene chimakankhira anthu ku ngongole nthawi zambiri ndi ulemu umene timaupereka ku dzina. Timaimirira wobwera ku Makka, ndipo nkoyenera, koma mayi amene wathyola tiyi zaka makumi atatu, naphunzitsa ana, nafa wopanda ngongole ya munthu, sitimuwerengera kanthu. Chikhalirecho iye sanaphwanye nsanamira iliyonse. Masiku khumi oyamba a Dhul Hijjah ndi ake monga ali a wina aliyense: kusala pa tsiku la Arafat, kuchulukitsa takbir, kupemphera Eid ndi anzake. Amene Allah wamutambasulira dzanja apite asanafooke, atabweza za eni ndi kupempha chikhululuko kwa amene anawalakwira. Amene sanamutambasulire asadzione wochepa mumzikiti, ndipo ife tisamuchititse manyazi.