Musathamangire mankhwala a amuna, ana anga

Ana anga aakazi, senderani pafupi. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pachuluka ogulitsa jakisoni ndi mafuta opaka a testosterone, amene akulonjeza kuti mkazi akangobaya kapena kupaka, kutopa kutha ndipo chilakolako cha m'banja chidzuka. Anzanu ena ayamba kale kugula, ndipo ine mtima suli m'malo.

Homoni ya testosterone si ya amuna okha ayi. Nafenso akazi tili nayo. Imapangidwa m'timatumba ta mazira ndi m'tiziwalo tating'ono tokhala pamwamba pa impso. Koma yathu ndi yochepa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a ya mwamuna, mwinanso osafika. Imatsika pang'onopang'ono mkazi akamakula, kuyambira zaka zambiri asanasiye kusamba, ndipo kumeneko ndi kukula, si matenda. Kutsika kwadzidzidzi kumachitika kwa mayi amene timatumba take tonse tiwiri tachotsedwa pa opareshoni.

Mu 2019, mabungwe akuluakulu a madokotala oona za mahomoni ndi za umoyo wa amayi ochokera m'mayiko osiyanasiyana ataunika kafukufuku yemwe analipo, anagwirizana kuti mankhwalawa atsimikizika kuthandiza pa vuto limodzi lokha: mayi amene anasiya kusamba, chilakolako chinamuthera, ndipo zikumusowetsa mtendere mwini wakeyo. Mumve bwino pamenepo, mwini wakeyo, osati chifukwa bambo a kunyumba akudandaula. Pa za kutopa, kuiwalaiwala, kukhumudwa ndi kulimbitsa mafupa, umboni wokwanira sanaupeze. Ngakhale kuyezetsa magazi pakokha sikungakuuzeni kuti gwero la vuto lanu ndi kuchepa kwa testosterone.

Tsono iwe mwana wanga wa zaka 25 kapena 30, thupi likazizira, yamba wafunsa zina. Kodi ukuyamwitsa? Nthawi imeneyo chilakolako chimachepa kwa amayi ambiri, ndipo chimabwerera. Kodi magazi ako ndi okwanira, iwe amene umataya magazi ambiri pa mwezi, wadwala malungo kangapo, wabereka pafupipafupi? Shuga, chithokomiro, mapiritsi ena olera ndi mankhwala ena a matenda okhumudwa nazonso zimachita zomwezo. Ndipo ndinene mosapsatira: ngati udzuka m'bandakucha, kutunga madzi, kupita ku ntchito, kuphika, kenako mwamuna n'kubwera usiku ataledzera ndi mawu achipongwe, palibe jakisoni amene angakonze zimenezo. Nkhani yotereyi ipite kwa ankhoswe, osati kwa ogulitsa mankhwala.

Amayi anu amene akusiya kusamba muziwamvetsa. Akamamva kutentha thupi ndi kutuluka thukuta usiku, kapena akamamva kuuma ndi kuwawa ku njira ya abambo, kawirikawiri imene yachepa ndi homoni ina yotchedwa estrogen. Chithandizo chake ndi china, ndipo adokotala amayamba afunsa ngati mayiyo anadwalapo khansa ya m'mawere kapena magazi kuundana m'mitsempha. Aperekezeni ku chipatala, manyazi asawatsekere pakamwa.

Safunsa anadya phula. Mlingo wa testosterone wa mwamuna m'thupi la mkazi umabweretsa ziphuphu, ndevu, tsitsi kuthothoka pamutu, ndi mawu kukula ngati a bambo. Ziphuphu zimatha ukasiya, koma mawu akasintha akhoza kukhala choncho mpaka kalekale. Kwa woyembekezera ndi zoopsa koposa, chifukwa zikhoza kusokoneza kapangidwe ka ziwalo zobisika za mwana wamkazi ali m'mimba.

Dokotala akaona kuti mayi ndi woyeneradi, amamupatsa mafuta opaka pakhungu a mlingo wochepa kwambiri, osati jakisoni kapena mapiritsi, ndipo amamuyeza magazi nthawi ndi nthawi kuti testosterone yake isapyole mlingo wa mkazi. Akapaka asambe m'manja asananyamule chidzukulu, poti mafutawa amalowa pakhungu la wina aliyense wowakhudza. Ikatha miyezi 6 osaona kusintha, amamusiyitsa.