Ulendo wa Usiku wa ku Endori

Tiwerenge: 1 Samueli 28:3-20 ndi Machitidwe 19:18-20

Mfumu Sauli ndi amene anathamangitsa obwebweta ndi openda onse m'dziko la Israeli. Koma tsiku limene anaona gulu la nkhondo la Afilisti litamanga misasa ku Sunemu, mantha anamugwira. Anafunsa kwa Yehova, yankho silinabwere. Pamenepo anavula zovala zachifumu, navala zina kuti asadziwike, natenga anyamata awiri, nayenda usiku kupita kwa mkazi wobwebweta wa ku Endori. Kumeneko anagwa pansi, mphamvu zitamuthera, ndipo posakhalitsa anafera pa phiri la Giliboa.

Sauli anali kudziwa bwino lamulo la Mulungu. Chimene chinamutuma ku Endori ndi mantha, ndi kulephera kudikira pamene Mulungu anakhala chete. Kodi ife kuno ku Chipangali tasiyana naye? Masana tavala yunifolomu ya Chigwirizano, tikuimba ndi anzathu. Koma mwana akadwala osachira, ng'ombe zikafa motsatizana, mwana wathu wamkazi akapita padera kawiri, kapena nshawa za mnansi zikabereka kuposa zathu, pamabwera wina kudzatinong'oneza kuti, "Amake mwana, musangokhala, kayendeni." Masiku ano ulendowo wafupika. Manambala a oombeza amamatidwa pa mitengo ndi pa makoma mu Chipata, ndalama timatumiza pa foni, ndipo abusa ndi akulu a mpingo sadziwa kanthu.

Timvetsetsane bwino. Sitikunena za agogo amene amadziwa muzu wa chifuwa kapena tsamba la pabala. Mitengo anailenga ndi Mulungu. Tikunena za woombeza, amene mukamupatsa ndalama amakupatsani dzina la munthu. Ndipo dzinalo silikhala la mlendo. Max Marwick, amene anakhala pakati pa Achewa a chigawo chino nalemba buku lake mu 1965, anapeza kuti milandu yambiri ya ufiti inali pakati pa abale a bere limodzi. Kufikira lero wolozedwa chala amakhala amalume, azakhali, apongozi, kapena mayi wamasiye amene watsala yekha pa munda umene ena akuufuna.

Makolo athu anaziona izi. M'zaka za m'ma 1930 kunabwera anyamata a Mchape kuchokera ku Mulanje, m'dziko la Malawi. Anali kuimika anthu a m'mudzi pa mzere, kuwayang'ana pa kalirole, kusonkhanitsa nyanga ndi zithumwa, ndi kumwetsa aliyense mankhwala, nalonjeza kuti ufiti watha. Anapita ndi ndalama, koma mantha anatsala. Ku Chiawa, m'mbali mwa Zambezi, mu 1994 ndi 1995, anthu 16 anafa atamwetsedwa mankhwala ndi munthu amene mudzi unamuitana kuti adzachotse mfiti. Nthawi imeneyo matenda a Edzi anali kutha anthu, ndipo ofedwa anali kufuna woti amuloze. Maliro anangoonjezeka pa maliro.

Dziwaninso kuti lamulo la dziko lino lonena za ufiti, limene linakhazikitsidwa mu 1914, limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, limaletsanso ntchito yosaka mfiti. Mawu amene mwalankhula pa chitsime angathe kukufikitsani ku khoti. Koma ife Akhristu tili ndi lamulo loposa limenelo, lachisanu ndi chinayi, lotiletsa kunamizira mnzathu.

Mpingo wathu unayamba pa Magwero mu 1899. Pamene unakumana ndi anthu ovutika, unawatsegulira khomo: sukulu ya akhungu ndi ya osamva pa Magwero, malo osamalira akhate pa Nsadzu. Sunafunse kuti wawalodza ndani. Chimenechi ndicho cholowa chathu, amayi.

Tsono tichite chiyani? Anthu a ku Efeso atakhulupirira, anaulula poyera zimene anali kuchita, nabweretsa mabuku awo amatsenga, nawatentha pamaso pa onse. Mtengo wake unakwana ndalama zasiliva 50,000. Onani bwino: aliyense anabweretsa zake. Palibe amene anakathyola chitseko cha mnzake kukafufuza. Ngati muli ndi kanyanga kudenga, kachithumwa m'chiuno mwa mwana, kapena nambala ya woombeza m'foni, yambani ndi zimenezo. Pitani nazo kwa abusa kapena kwa mkulu wa mpingo, apemphere nanu.

Chachiwiri, wodwala apite kuchipatala msanga, ife tikupemphera. Malungo, chifuwa chachikulu, shuga, khunyu, zonsezi zili ndi mankhwala ake. Masabata amene timataya kwa oombeza ndi amene amatilanda ana.

Chachitatu, titchinjirize okalamba. Ukalamba umabwera ndi matenda a kuiwala. Agogo angathe kutuluka usiku osavala, kusochera pa khomo la ena, ndi kuvomera chilichonse chimene afunsidwa. Amenewo akudwala. Mukamva phokoso m'mudzi, mayi wa Chigwirizano akhale woyamba kufika ndi chitenje, awafunditse, awaperekeze kwa anyakwawa kapena kupolisi asanapwetekedwe. Ndipo miseche ikayamba pa chigayo, ithere pa inu.

Amayi anzanga, sitikana kuti Satana alipo ndipo amagwira ntchito. Koma Yesu Khristu anamugonjetsa pa mtanda, ndipo ndife ake m'moyo ndi mu imfa. Mulungu akakhala ngati wachedwa kuyankha, musayende nokha usiku. Gogodani pa khomo la mlongo wanu wa m'Chigwirizano, mulire pamodzi, mudikire pamodzi.

Tipemphere: Atate wathu wa Kumwamba, chotsani mantha m'mitima mwathu. Sungani lilime lathu kuti lisaphe mnansi. Tipatseni kulimba mtima kuti tiime ndi olozedwa chala. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.