Nkhanga Zinapangana Kusanapse

Mwambiwu wandibwerera chifukwa cha zomwe ndaona chilimwe chino m'midzi ya pakati pa Mponela ndi Ntchisi. Minda yomwe amayi anaiphimbira ndi mapesi yasanduka phulusa, kaamba ka anyamata osaka mbewa. Wina nkumati, "Aaa, si mapesi chabe?" Ayi ndithu, chapsacho ndi chakudya cha chaka chamawa.

Akuluakulu ankatanthauza kuti nzeru imagwira ntchito tsoka lisanafike. Masiku ano amene akuusunga mwambiwu ndi amayi a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Iwo sanaiwale ng'amba ya El Niño, pomwe pa 23 March 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi. Chimanga chinafota chisanamasule, ndipo amene anagona ndi ana olira njala ndi mayi.

N'chifukwa chake iwo sadikira mabingu. Mu July amakhala akuyala mapesi kuti nthaka isunge chinyezi. Pamalo otsetsereka amakonza akalozera n'kubzala vetiva kuti madzi asakokolole dothi. Amakumba maenje obzalamo, amasiya mitengo ya msangu m'munda, ndipo pambali pa chimanga amaika soya, mtedza ndi mbatata. Thumba la feteleza likawakanika, amasakaniza ndowe, madeya, phulusa ndi feteleza pang'ono, n'kumanga m'thumba masiku 21 kuti apeze manyowa a Mbeya. Mbewu amagula ndi ngongole ya kubanki mkhonde, komwe amakumana sabata ndi sabata. Kupangana n'kumeneko.

Ndivomere, ngakhale monyinyirika, kuti kukonzeka sikugwetsa mvula. Ikadula mwezi wathunthu, ngakhale munda wophimbira umalira. Mapesi amaitananso chiswe, ndipo kukumba maenje kumathyola msana. Koma waulesi asabisale pamenepa. Wokonzeka amatutako madengu angapo pamene mnzake akubwera chimanjamanja.

Chondiwawa n'chakuti mayi amapangana ndi anzake, koma kunyumba mawu ake sapita patali. Soya akacha, bambo amakagulitsa yekha kwa mavenda, ndalama n'kuthera pa thiredi. Ng'ombe za eni chuma zimadya zophimbira, mwini munda n'kuuzidwa kuti chilimwe ziweto sizimangidwa.

Mafumu, ikani chindapusa kwa wotentha ndi wodyetsa ziweto m'munda wophimbira. Abambo, khalani pansi ndi akazi anu mvula isanagwe, mumve zomwe aphunzira kugulu.