Dzina la Munthu Woganiziridwa Mlandu

Kodi nkoyenera kuti olemba nyuzipepa ndi a wailesi alengeze dzina la munthu amene apolisi angomganizira cabe, asanamuimbe mlandu?

M'caka ca 2014 apolisi a ku England anafufuza m'nyumba ya woimba wochuka, Cliff Richard, ndipo a BBC anajambula nyumbayo ali m'ndege, naulutsa dzina lace. Munthuyo sanamangidwe, kapena kuimbidwa mlandu. M'caka ca 2018 bwalo lalikuru la ku London linaweruza kuti a BBC anamlakwira, nililamula kuti alipidwe mapaundi 210,000.

Ufulu wa olemba nkhani uli wofunika ndithu, pakuti ndiwo uulula zoipa za olamulira. Ndiponso a BBC sananame: apolisi anafufuzadi. Koma coonadi coneneka nthawi yace isanakwane cibala bodza m'mitima ya akumva, popeza anthu akamva dzina aweruziratu. Madzi akatayika saoleka.

Cifukwa cace malire ndi awa: mlandu ukafika pabwalo, dzina lichulidwe poyera, kuti ciweruzo cisacitike mumdima, usanafike, lisungidwe, koma ngati woganiziridwayo wathawa naopsa anthu. Malire omwewa ayeneranso wonyamula mbiri pacitsime.