Kaligono ndi Mwana wa ku Lirangwe

Padangokhala mkulu wina ku Chileka amene adali ndi nyumba yogona alendo m'mbali mwa msewu wopita kubwalo la ndege. Pofuna kuti alendo odikira ndege azikhala ndi choyang'ana, adaika thanki yagalasi pabalaza. Nsomba adakazigula yekha ku Senga Bay m'boma la Salima, komwe anthu akhala akugwira nsomba zamoyo za m'nyanja ya Malawi n'kumazitumiza kunja kwa zaka zambiri. Adabwerako ndi mbuna 12, zabuluu, zachikasu ndi zamizeremizere, komanso kansomba kamodzi kamawangamawanga komwe wogulitsa adangomuikira basela. Dzina lake adati ndi kaligono.

Chaka chomwecho mlongo wake wa mkuluyu adamwalira ku Lirangwe, kusiya mwana wamwamuna wa zaka 11. Monga mwinimbumba, mkuluyu adamutenga mwanayo maliro atangotha. Adakwera minibasi kudutsa pa Lunzu, kutsika pa Kameza, n'kukwera ina ya ku Chileka, ndipo ulendo wonsewo mwanayo sadatsegule pakamwa. Pakhomo adapeza anyamata asanu, asuweni ake, onse amphamvu ndi aphokoso.

Mkuluyu sadali munthu woipa, ndipo ichi tichinene poyambirira. Adali ndi lamulo limodzi lomwe ankalinyadira. "Pakhomo panga palibe tsankho," ankatero. "Mbale ndi imodzi, mkeka ndi umodzi. Wanga, wa mlongo wanga, onse apise m'menemo." Mayi wapakhomopo ankapakula nsima yambiri ndithu, ndiwo osaumira. Koma mbale ikangotera pamkeka, manja khumi ankafikamo nthawi imodzi. Mwana wa ku Lirangwe, amene adazolowera kudya awiriwiri ndi malemu mayi ake, ankayamba wasamba bwinobwino, kutema mbamu, kuiumba modekha, ndipo pofika ku mbale ya ndiwo ankapeza msuzi wokhawokha. Sankadandaula. Akafunsidwa ngati wakhuta, ankagwedeza mutu.

Ntchito imene adampatsa idali yodyetsa nsomba. Amalume ake adamuonetsa kachitini ka chakudya chogula ku Blantyre. "Uzingowaza pamwamba, m'mawa ndi madzulo. Zonse zidya mofanana."

Mbuna ndi nsomba za m'miyala. Kunyanja zambiri zimakhalira kupala ndere tsiku lonse, iliyonse kulondera mwala wake, ndipo ndewu ndi khalidwe lake. Kukongola kwake ndi kuchuluka kwa mitundu yake n'zimene zidachititsa kuti mu 1980 boma likhazikitse malo otetezedwa a Lake Malawi National Park ku Cape Maclear. M'thanki, chakudya chikangogwa, mbuna zinkalumphira pamwamba madzi kuchita kuwira, ndipo munthu asanabweze chivundikiro pachitini zinkakhala zitamaliza. Kaligono ankangosuzumira kuseri kwa mwala. Akati ayandikire, mbuna yaikulu yabuluu inkamuthamangitsa mpaka pakona.

Patapita milungu ingapo mimba ya kaligono idalowa m'kati, mutu n'kuoneka waukulu kuposa thupi. Mkuluyu ataona zimenezi adati vuto ndi kuchepa kwa chakudya, choncho adalamula kuti aziwaza kawiri kuposa kale. Mbuna zidanenepa. Kenako wina adamuuza kuti kaligono ndi nsomba yodya nyama, iye n'kukagula chiwindi cha ng'ombe pabutchala, kuchiduladula n'kuponyamo. Mbuna zidalimbirana chiwindicho, zotsala zidawolera pansi pa miyala, madzi adachita mbuu, fungo mpaka pakhonde. Matumbo a mbuna ndi aatali, oyenera ndere, ndipo nyama yamafuta imawavuta. Ziwiri zidatupa mimba, kusiya kudya, n'kufa. Kaligono sadalawe ngakhale kachidutswa.

"Nsomba yamatama iyi," adatero mkuluyu. "Chakudya chili ponseponse, iyo ifuna tiigwadire?"

Tsiku lina m'mamawa adapeza kaligono ali chigonere cham'mbali pamchenga, osagwedezeka. Adatenga kasefa, uku akuitana mphaka. Pamenepo mwana uja adagwira dzanja la amalume ake.

"Malume, musaichotse. Sinafe. Ikusaka."

Mkuluyu adadabwa kwambiri ndi mawuwo kuposa nsombayo, pakuti chibwerereni mwanayo adali asanamuyankhulepo mawu opitirira awiri. Adayang'anitsitsa ndipo adaona diso la nsombayo likuyenda, kutsatira kambuna kakang'ono komwe kankadutsa chapafupi.

Mwanayo adanena zoona. Umu ndi momwe kaligono amapezera chakudya kunyanja. Amagona cham'mbali pansi, mawanga ake n'kumaoneka ngati thupi la nsomba yoyamba kuwola. Tinsomba tikabwera kuti tijompheko, amatembenuka kamodzi n'kumeza. Nsomba yotere siidziwa kulimbirana. Luso lake lonse lili pa kudikira, ndipo pakati pa mbuna wodikira amagona ndi njala. Mwanayo sadawerenge zimenezi m'buku. Adakulira m'mphepete mwa mtsinje wa Lirangwe akuwedza matemba ndi milamba, ndipo adadziwa kuti nsomba iliyonse ili ndi nthawi yake ndi malo ake odyera. Usiku anzake akagona, iye ankakhala pafupi ndi thanki n'kumangoyang'ana. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

"Ndiye titani, mphwanga?" adafunsa mkuluyu, kasefa kali m'manja.

"Mundilole ndiyese ndekha, malume."

Adayamba ndi madzi. Adapopa zonyansa zapansi ndi kapaipi, kuchotsa gawo limodzi mwa magawo atatu, n'kuthiramo madzi omwe adagona m'ndowa usiku wonse kuti fungo la mankhwala a kumpopi lithe. Adasuntha miyala, yambiri kuiunjika mbali imodzi ya mbuna, mbali inayo kusiya mchenga ndi mwala umodzi wokhala ndi mphako. Chakudya cha mbuna adachichepetsa, n'kumawonjezera tsamba la mpiru lofutsa pang'ono lomwe ankalipanikiza ndi kamwala.

Madzulo, kutayamba kuchita mdima, adazimitsa getsi la pathanki. Adawaza chakudya cha mbuna kumapeto kwenikweni kwa mbali yawo, ndipo zonse zitathamangira kumeneko, adatenga kabango kowonda komwe kunsonga kwake adabayako kachidutswa ka usipa wauwisi. Adakatsitsa pang'onopang'ono mpaka pakhomo pa mphako, n'kumakagwedeza pang'ono ngati kansomba kosochera. Iye mwini adakhala pansi, mutu kuutsitsa kuti chithunzithunzi chake chisagwere m'madzi. Tsiku loyamba kaligono sadatuluke. Mwanayo adachotsa nyamboyo kuti isawole. Mawa lake adatulutsa mutu wokha. Mkati mwa mlunguwo, madzulo ena, kabango kadagwedezeka m'dzanja la mwanayo ndipo usipa udapita. Masiku amene usipa wauwisi unkasowa pamsika, ankakumba nyongolotsi kuseri kwa bafa n'kuzitsuka.

Nsomba itayamba kubwerera thupi, agogo a mwanayo, mayi wa mkulu uja, adabwera kuchokera ku Lirangwe atasenza thumba la malambe ndi nandolo. Adaonerera mdzukulu wawo akudyetsa nsomba ndi kabango, ndipo mkuluyu adawafotokozera zonse monyadira, ngati nzeruzo zidali zake. Kenako idakwana nthawi ya mgonero. Agogo adakhala pampando wawo osadya, maso ali pamkeka wa anyamata. Adaona manja khumi aja. Adaonanso mafupa a m'khosi mwa mdzukulu wawo atatulukira pamwamba pa malaya.

Anyamata atatuluka, adaitana mwana wawo ndi mkazi wake.

"Mwananga, tandiuza. Nsomba yako ija idaonda chifukwa m'thankimo mudalibe chakudya?"

"Iyayi, mayi. Chidalimo chambiri, mpaka kuwola."

"Nanga mwana wa mlongo wakoyu waonda chifukwa pakhomo pano palibe ufa?"

Mkuluyu adatsegula pakamwa kuti atchule lamulo lake la mbale imodzi, koma mawu sadatuluke. Amene adayankha ndi mkazi wake, ndipo nkhawa yake idali yomveka. "Amayi, ine ndidaziona kale. Koma ndikampakulira payekha, anthu adzati mkazi wa amalume ake akupatula mwana wamasiye. Mukudziwa pakamwa pa anthu."

"Apongozi, anthuwo adzabwera kudzamudyetsa?" adatero agogo. "Nsima isiyeni m'mbale imodzi, adyere limodzi ndi abale ake. Koma ndiwo gawani, aliyense kambale kake. Ndipo masiku amene ndili pano, m'mawa azimwa phala ndi ine, ena asanadzuke."

Zidachitika momwemo. Asuweni aja adang'ung'udza masiku oyamba, makamaka wamkulu amene adazolowera nthuli zitatu, koma adazolowera. Agogo pobwerera ku Lirangwe, phala la m'mamawa adalisiya m'manja mwa mkuluyu, ndipo pa phalapo ndi pomwe adamva koyamba mphwake akusimba za mayi ake, za mtsinje, ndi za masamu amene ankamuvuta kusukulu.

Mvula itagwa ndi kutha, kaligono adali atatalika kuposa chikhatho cha munthu wamkulu. M'mawa wina mkuluyu adawerenga mbuna zake n'kupeza kuti kakang'ono kachikasu kasowa, pamene kaligono mimba ili tantha.

"Taona zimene wandichitira!" adakuwa. "Tamunenepetsa kuti atimalizire nsomba?"

"Ndidakuuzani mwezi watha, malume, kuti akufunika thanki yakeyake," adayankha mwanayo, mokweza ndithu. "Nsomba imeneyi imafika masentimita 25. Inu mudati galasi ladula."

Mkuluyu adamuyang'ana nthawi yaitali, kenako adaseka mpaka kutsokomola. Adalowa kuchipinda, natuluka ndi tepi yoyezera ndi ndalama zokulunga m'kapepala.

"Yeza wekha kukula kwake. Loweruka tipita ku Limbe kwa odula magalasi, ndipo wokanenerera mtengo ndiwe."