Kodi Mpando Ndiwo Upanga Mtsogoleri?

Mnyamata akatsiriza sukulu nalandira cikalata cake, funso loyamba limene abale ake amfunsa ndi lakuti, "Kodi nchito udzaipeza kuti?" Akaipeza, funso lisanduka lina: "Nanga adzakukweza liti?" Mafunso awa si oipa, pakuti munthu ayenera kudya ndi kubvala, ndiponso makolo amene anagulitsa nshawa ndi thonje kuti alipire sukulu ayembekeza kuona phindu la thukuta lao. Koma liripo funso lacitatu limene silimveka kawiri-kawiri pa bwalo, ndilo lakuti, "Ukakwera, udzacita nao ciani mpandowo?" Pa funso limeneli ndi pamene wokhala pa mpando asiyana ndi mtsogoleri.

Mu 2012 Boma linapatula Sinda ndi Vubwi kuti akhale maboma a paokha. Boma latsopano lifuna akalaliki, aphunzitsi, anamwino ndi alangizi a zaulimi, ndipo ambiri otumidwa ku malo otere ndi acinyamata oyamba kumene nchito. Tsono pangakhale anyamata awiri otumidwa ku Vubwi, ku malire a Malawi ndi Mozambique. Woyamba, mwezi usanathe, walemba kale kalata yopempha kuti amsamutse. Iye ati, "Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Anzanga a ku Lusaka ali pafupi ndi maso a akulu a nchito, ndipo adzakwera ine ndikali kuno." Waciwiri naye afuna kukwera, koma ayamba wafunsa cimene cisowa pa ofesi imeneyo, ndi cifukwa cake mai wocokera kutali abwerera katatu osathandizidwa. Woyamba uja si citsiru ai. Mau ake ali ndi coonadi. Nanga wanzeru ndani mwa awiriwa?

Yankho lingapezeke pa Katete pomwe, m'mbali mwa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata. Pamenepo pali cipatala cochedwa St Francis, cimene a mpingo wa Anglican anayamba mu 1948. Mu 1958 anafikapo dotolo wa ku Britain, James Cairns, pamodzi ndi mkazi wake, ndipo anatsogolera cipatalaco mpaka 1996, ndizo zaka 38. Pamene anafika, dziko lino linkachedwa Northern Rhodesia, liri m'Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo Chipata ankachedwa Fort Jameson. Ali pa malo amodzi-modziwo anaona Citaganya cikutha mu 1963, ufulu ukubwera mu 1964, cuma ca dziko cikugwa pamodzi ndi mtengo wa kopa, ndi nthenda ya Edzi ikudzaza zipinda za odwala kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Dotolo wodziwa nchito sasowa kopita. Akadafuna malo a malipiro ambiri akadawapeza. Za mumtima mwake adziwa ndi Mulungu, koma zaka zimene anakhala ziwerengeka, ndipo zipatso zake zioneka ndi maso.

Lero cipatala ca St Francis ciri ndi mabedi oposa 300, ciri ndi sukulu ya anamwino ndi azamba, ndipo cilandira odwala otumizidwa kucokera ku zipatala zina za m'cigawo ca Kum'mawa. Mipingo iwiri, wa Anglican ndi wa Katolika, iciyendetsa pamodzi mothandizana ndi Boma. Zinthu zotere sizimangidwa ndi munthu mmodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Anamwino, ophika, omanga nyumba ndi osunga mabuku a ndalama onse anaikapo dzanja. Koma sizimangidwanso pamene wotsogolera asintha caka ndi caka. Munthu wosamuka-samuka abzala maungu okha, cifukwa adziwa kuti adzadya mvula yomweyo. Mango abzala ndi amene watsimikiza mtima kukhala. Kuphunzitsa mtsikana wa kumudzi kufikira akhale namwino wokhulupirika, kuzoloweretsa anchito kulemba zoona m'mabuku, kugwirizanitsa anthu amene kale sankadyera mbale imodzi, zonsezi ndi mango.

Komabe wina angatsutse kuti, "Ngati kukhalitsa ndiko utsogoleri, ndiye kuti ndi atsogoleri onse amene akakamira mipando kufikira imvi." Kutsutsa kumeneku nkoyenera. M'maofesi ambiri apezeka mkulu amene wakhala zaka makumi awiri, mafungulo onse ali m'thumba lake, ndipo palibe wina adziwa kumene kuli makalata. Iye akadwala nchito iima, ndipo mumtima akondwera kuti iima, cifukwa ayesa kuti pamenepo anthu adzazindikira kufunika kwake. Munthu wotere sanatumikire ofesi. Ofesi ndiyo yatumikira iye. Wakhalitsa monga mwala ukhalitsa m'munda, umene alimi angoulambalala ndi makasu ao.

Motero muyeso wa mtsogoleri suli m'zaka zokha. Uli pa cimene citsala iye atacoka. Cipatala ca pa Katete sicinatsekedwe mu 1996. Cikali kuciritsa anthu mwa manja a ena. Citsanzo cina ciri ku Mkaika, m'boma lomweli la Katete. Mwambo wa Kulamba unali utaleka kwa zaka zambiri m'nthawi ya atsamunda, ndipo Kalonga Gawa Undi Chivunga anauukitsa mu 1984. Mfumuyo inamwalira mu 2004, koma mwambo sunalowe nayo m'manda; mafumu a Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhanabe kumeneko m'mwezi wa August. Ngakhale pa mpando waukulu wa dziko muyeso ndi womwewo. Kenneth Kaunda analamulira Zambia zaka 27, ndipo anthu aweruza ulamuliro wake mosiyana-siyana; koma pamene anagonja pa masankho a 1991 anapereka mpando mwamtendere, ndipo ici cikumbukiridwa ngakhale ndi amene ankamtsutsa. Kudziwa kukhala ndi kudziwa kucoka, zonse ziwiri zicokera pa muzu umodzi, ndiwo kuyesa nchito yaikulu koposa mwini wake.

Nanga anyamata awiri aja a ku Vubwi? Kungakhale kunama kunena kuti waciwiri ndiye adzalemera. Kapena woyamba adzakwera msanga, nadzayenda pa galimoto mnzake akali pa njinga. Dziko sililipira anthu monga mwa kuyenera kwao nthawi zonse, ndipo wosankha njira ya utumiki ayenera kudziwiratu ici, pakuti walira mvula walira matope. Koma kukwera kopanda colinga kuli ndi mtengo wakenso. Munthu angapite m'maofesi khumi, nalandira ulemu m'monsemo, koma pa tsiku lopuma nchito osatha kuloza kanthu kamodzi kamene kanakhala bwino cifukwa iye anapitapo.

Cifukwa cake wotsiriza sukulu asadikire mpando waukulu kuti ayambe kutsogolera. Kalaliki wamng'ono amene alongosola makalata kuti wina aliyense awapeze, amene aphunzitsa wobwera pambuyo pake zonse zimene adziwa osabisako, ndi amene akana kubweza nkhalamba yocokera kutali cifukwa ca ulesi, wayamba kale kusintha ofesi yake. Akamkweza, adzacita zomwezo pa malo okulirapo. Akapanda kumkweza, nchito yake siitayika. Ndipo tsiku lidzafika, monga lifikira wanchito aliyense, lakuti apereke mafungulo kwa wina. Pa tsiku limenelo anthu sadzafunsa za kutalika kwa mpando wake. Adzangoyang'ana ngati m'mawa mwake citseko catseguka pa nthawi yake, ndi ngati wolowamo wathandizidwa.