Njoka ya pa ambulansi

Ambulansi ikamachoka pa chipatala cha Chintheche kulowera ku Nkhata Bay mu msewu wa M5, tonse timamva kulira kwake, koma ndi ochepa amene amafunsa tanthauzo la zojambulidwa m'mbali mwake. Pa ena mwa magalimotowa pali nyenyezi yabuluu ya nsonga 6, ndipo pakati pake pali njoka yozengeza ndodo. Kwathu kuno njoka saseka nayo, ndipo wina akaiona pa galimoto yonyamula odwala, maganizo amathamangira ku ufiti. Zimenezi zimandidetsa nkhawa. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje ndi Phalombe, anthu anaphedwa, ndipo achipatala ankagwira ntchito mwamantha.

Njokayi ndi ya Asclepius, amene Agiriki akale ankamupembedza ngati mulungu wochiritsa. Ili pa chizindikiro cha bungwe la WHO lomwe. Mkhristu wa ku Bandawe, kumene Dr Robert Laws ankachiza odwala kuyambira 1881, sangaidabwe: pa Numeri 21 Mose anapachika njoka yamkuwa pamtengo kuti olumidwa aiyang'ane ndi kukhala moyo.

Nyenyeziyo ndi yadzulodzulo. Anaikonza Leo Schwartz ku America m'ma 1970, bungwe la Red Cross litadandaula kuti maambulansi akujambula mtanda wofanana ndi wake. Mtanda wofiirawo, umene mayiko anavomereza ku Geneva mu 1864, ntchito yake ndi kuteteza ovulala pankhondo ndi owasamalira.

Chimene ndimafuna chitamaphunzitsidwa m'sukulu ndi m'matchalitchi ndi nsonga zija. Iliyonse ikuimira ntchito: kuzindikira kuti munthu wadwalika, kudziwitsa achipatala, kubwera kwa ambulansi, chithandizo cha pomwepo, chisamaliro cha m'njira, ndi kumupereka m'manja mwa madokotala. Zinayi zomalizazo ndi za dalaivala ndi namwino. Ziwiri zoyambazo ndi zathu. Mayi woyembekezera akamataya magazi ku Kande, kapena msodzi akavuulidwa m'nyanja ali lefu, amene amayamba kuona ndi apongozi, ndi anzake a pabwato. Iwowo akachedwa pokambirana, kapena akaiopa galimotoyo, namwino amafika nthawi itatha. Alangizi a zaumoyo amene amayendera midzi yathu angathe kufotokoza zonsezi pa sikelo ya ana, amayi ali pamzere.